Khansa ya M'mawere: Pamene Wodwala Ali Mayi wa Ana Aang'ono

Tiyeni tiyambe ndi kuganizira mayi wina wa m'mudzi mwathu momwemuno. Ali ndi zaka 32, ana atatu, ndipo wotsiriza akadali kumsana. Tsiku lina akusamba wamva kambulu kolimba m'bere lakumanzere. Sikakupweteka. Wauza mnzake kuchitsime, mnzakeyo wati, "Ndi mkaka umenewo asisi, ingomuyamwitsani kwambiri mwanayo, kasungunuka kokha." Wauza apongozi ake, iwo ati mwana ndiye adam'gunda ndi mutu. Papita miyezi inayi, kambulu kaja kakula, ndipo m'khwapa mwatuluka mwanabere. Koma ino ndi nthawi yopalira, ndalama ya thiransipoti palibe, ndipo mayiyu akudziuza kuti adzapita kuchipatala akakolola.

Mayi ameneyu tamupeka ife, koma ambiri a ife tidaonapo wofanana naye. M'nkhani ino tikambirana zimene iye, mwamuna wake, abale ake ndi mudzi wonse ayenera kudziwa, kuyambira tsiku lomva kambulu kufikira zaka za pambuyo pa chithandizo.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerenga kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo okwana 670,000 adamwalira nayo. Kuno kwathu khansa imene imapha amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, koma ya m'mawere ilinso m'gulu la zofala kwambiri. Abambo nawonso amadwala, ngakhale ndi ochepa: pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 aliwonse.

Chimene chiyenera kutidzidzimutsa ndi ichi. M'maiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 amakhala ali moyo patatha zaka zisanu chiwapezereni ndi matendawa. Ku South Africa chiwerengerocho ndi pafupifupi 40 mwa 100. Matenda ndi omwewo, thupi ndi lomwelo. Kusiyana kuli pa nthawi imene wodwala amafikira kwa dokotala, ndiponso ngati amalandira chithandizo mpaka kumapeto.

Kumaiko a azungu khansa iyi imaoneka kwambiri mwa amayi achikulire. Kuno ku Africa ambiri mwa odwala ndi amayi a msinkhu wobereka. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2021, amene adatsata amayi a m'maiko angapo kuphatikizapo Zambia, Uganda, Namibia ndi Nigeria, adapeza kuti theka la omwalira adali asanakwane zaka 50, ndipo pa amayi 100 aliwonse a msinkhu umenewu amene adamwalira, ana pafupifupi 210 adatsala opanda mayi. Chomwecho nkhaniyi si ya kuchipatala kokha. Ndi nkhani ya ana, ya minda, ya sukulu, ndiponso ya malamulo.

Kodi khansa imabwera bwanji?

Thupi lathu lidapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo amabadwa, amagwira ntchito, amafa, ena n'kulowa m'malo. Khansa imayamba pamene maselo ena aleka kumvera dongosolo limeneli n'kuyamba kuswana mosalekeza. M'bere amayambira kawirikawiri m'timisempha toyendamo mkaka. Poyamba amakhala malo amodzi. Akasiyidwa amafika ku anabere a m'khwapa, kenaka amatha kupita kumafupa, kumapapo, kuchiwindi kapena kuubongo. Madokotala amagawa ulendo umenewu m'magawo anayi, ndipo khansa yopezeka pa gawo loyamba kapena lachiwiri imachizika kawirikawiri.

Pali zinthu zimene zimawonjezera mpata wodwala, monga kukula msinkhu, kumwa mowa, kunenepa kwambiri, fodya, ndiponso ngati mayi kapena mchemwali wako adadwalapo. Kuyamwitsa kumachepetsako mpatawo, koma sikutseka khomo ayi. Ndipo pafupifupi theka la amayi odwala alibe chifukwa china chilichonse choloza chala, koma kungoti ndi amayi ndipo zaka zapita. Motero mayi wodwala asadziimbe mlandu.

Tamva zambiri zokambidwa m'midzi ndi m'matauni momwe: ati khansa imabwera chifukwa chosunga ndalama kapena foni pachifuwa, ati mwana adaluma bere, ati mayiyo adayenda ndi mwamuna wina ali woyamwitsa, ati ndi cholodzedwa. Zonsezi si zoona. Khansa si yopatsirana. Simungaitenge podyera mbale imodzi, pochapa nsalu za wodwala, pogona naye pamphasa, ngakhale pokhala naye malo amodzi monga banja. Tikumbutsanenso kuti lamulo la za ufiti la chaka cha 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Kangapo taona gogo wosalakwa akuthamangitsidwa pamudzi, pamene wodwala ali gone m'nyumba ndipo chotupa chikukulirakulira.

Chotupa pa nthawi yoyamwitsa

Apa ndi pamene amayi achitsikana ambiri amatayira nthawi, choncho tikhalapo pang'ono.

Ndi zoona kuti zotupa zambiri za m'bere si khansa. Pa zotupa khumi, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimakhala zina: mkaka woundana, chithupsa, kathumba ka madzi, kapena kambulu kosaopsa kamene atsikana ambiri amakhala nako. Koma ndi maso kapena ndi zala zokha sitingasiyanitse. Mkaka woundana umasungunuka m'masiku ochepa mwana akamayamwa bwino. Bere lotupa ndi tizilombo limapweteka, limatentha, thupi limazizidwa, ndipo mankhwala akagwira limaphwa. Tsono chotupa chimene chakhala milungu iwiri osachoka, kapena bere limene lamaliza mankhwala koma likadali lofiira ndi lolimba, liyenera kuonedwanso. Kusapweteka si umboni wakuti zinthu zili bwino. Khansa yambiri imayamba mwakachetechete.

Zizindikiro zina ndi izi: khungu la bere kuchita timaenje ngati khungu la lalanje, nsonga ya bere kulowa m'kati pamene kale inkatuluka, kutuluka magazi kapena madzi achilendo kunsonga, bere limodzi kusintha kukula kapena maonekedwe, chilonda chosapola, ndi mwanabere wolimba m'khwapa. Mayi aliyense adziwe m'mene mawere ake amakhalira masiku onse. Nthawi yabwino yodzipima ndi masiku ochepa atatha kusamba kumwezi, pogwiritsa ntchito zala zitatu zapakati, kuzungulira bere lonse mpaka m'khwapa. Amayi amene amapita kusikelo ali ndi mwayi wina: angathe kupempha anamwino kuti awapime pomwepo.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati kuchipatala chaching'ono mwapatsidwa mapiritsi, mwamwa, koma chotupa chilipobe, bwererani. Nenani mwaulemu koma mosaopa kuti, "Adokotala, ndamaliza mankhwala aja koma sizidasinthe, ndikupempha kalata yopitira kuchipatala chachikulu." Mawu akuti "ndinu wamng'ono, simungadwale khansa" asakutsekeni pakamwa, kaya anena ndi ndani. Malemu Blandina Khondowe, amene adali Miss Malawi m'chaka cha 2002, adapezeka ndi khansa ya m'mawere m'chaka cha 2013 ali mayi wachitsikana. Iye adayambitsa ntchito ya Think Pink Malawi ndipo adatha zaka zotsala za moyo wake, kufikira 2020, akuuza amayi anzake kuti apite kukapimitsa msanga.

Kuchipatala kumachitika zotani?

Dokotala amayamba ndi kufunsa ndi kupima ndi manja. Kenaka amaunika bere. Kwa mayi wachitsikana kapena woyamwitsa amakonda makina a sikani, ofanana ndi aja ounikira mwana m'mimba, chifukwa bere la munthu wamng'ono ndi lothithikana ndipo silioneka bwino pa makina a mammogram. Koma chotsimikizira chenicheni ndi kutenga kachidutswa kakang'ono ka chotupacho ndi singano kukakayeza ku labotale. Ena amakana poopa kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imakalipa n'kufalikira. Si choncho. Chimene chimachitika ndi chakuti ambiri amavomera chitsulocho mochedwa, khansa itafalikira kale, ndipo anthu amaimba mlandu singano.

M'chaka cha 2021 bungwe la WHO lidakhazikitsa ndondomeko imene maiko ayenera kulinga. Mfundo zake ndi zitatu: kuti odwala osachepera 60 mwa 100 azipezeka khansa ikadali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, kuti zoyeza zonse zizitha pasanathe masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba kuchipatala, ndiponso kuti odwala osachepera 80 mwa 100 azimaliza chithandizo. Masiku 60 amenewa tiwasunge m'mutu. Lembani tsiku limene mudafika koyamba, lembani tsiku limene adatenga kachidutswa, ndipo funsani kuti zotsatira mukazitenga kuti, liti, kwa yani. Siyani nambala ya foni imene imagwira, ngakhale ikhale ya mlangizi wa zaumoyo kapena ya mbale.

Wodwala ali ndi ufulu wouzidwa matenda ake m'chilankhulo chimene akumva, wofunsa mafunso, wosungiridwa chinsinsi, ndiponso wovomera yekha opaleshoni atamvetsa. Mayi wamkulu amasaina yekha. Kukambirana ndi bambo ndi ankhoswe ndi chinthu chabwino, koma thupi ndi lake, ndipo kudikira chilolezo cha malume amene ali ku Joni kwataya miyezi ya amayi ambiri. M'zipatala za boma chithandizo sichilipiritsidwa kupatula m'zigawo zolipira. Wina akapempha ya m'botolo kuti dzina lanu likwere pamndandanda, kapena mukanyozedwa, kuli ofesi ya ombudsman wa pachipatala kumene mungakadandaule.

Njira za chithandizo

Khansa ya m'mawere si ya mtundu umodzi, n'chifukwa chake amayi awiri ogona mabedi oyandikana amalandira mankhwala osiyana. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe ndizo zimalandira odwala ambiri otumizidwa kuchokera m'maboma.

Opaleshoni imachotsa chotupa chokha kapena bere lonse, pamodzi ndi anabere ena a m'khwapa. Chemotherapy, imene ambiri amangoti kemo, ndi mankhwala amphamvu olowa m'diripi, kawirikawiri kamodzi pa milungu itatu, kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Nthawi zina amayamba ndi kemo kuti chotupa chichepe, opaleshoni n'kubwera pambuyo. Radiotherapy ndi kupsereza maselo otsalira ndi cheza cha makina. Kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe makina amenewa, ndipo odwala ankatumizidwa ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena India, ambiri n'kutsala pamndandanda. M'chaka cha 2024 chipatala cholipira cha ku Blantyre chidayamba kupereka chithandizochi, ndipo m'chaka cha 2025 boma lidatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe. Palinso mapiritsi monga tamoxifen, amene amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu mpaka khumi ngati khansayo ndi ya mtundu wodyetsedwa ndi michere ya chikazi ya m'thupi.

Tisabise, kemo ndi yowawa. Imabweretsa nseru, kufooka, zilonda m'kamwa, tsitsi limathothoka, zikhadabo ndi zikhato zimada. Achibale akaona zimenezi amati mankhwala akumupha, n'kumutenga kupita naye kwina. Apa ndi pamene ambiri amatayikira. Tsitsi limameranso, mphamvu zimabwerera, koma khansa yosiyidwa pakati pa njira imabwera ndi ukali. Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizilimbana, ndipo aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akusewera ndi moyo wa mayi wa ana a eni. Za zitsamba, dziwitsani dokotala chilichonse chimene mukumwa, poti zina zimalemetsa chiwindi chimene chikulimbana kale ndi kemo. Amene ali pa ma ARV asaleke, koma aonetse mabuku onse awiri kuti madokotala adziwe.

Chinthu chimodzi gadiyani aliyense achidziwe bwino. Kemo imachepetsa asilikali a m'magazi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni diripi. Wodwala akatentha thupi kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, musati ndi malungo wamba tiona mawa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo nenani pakhomo pomwe kuti ali pa kemo. Agone m'neti, amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo mwana wa chikuku kapena katsabola asamuyandikire.

Nanga mwana wa kubere? Nanga pathupi?

Funso loyamba la mayi woyamwitsa limakhala lakuti, "Kodi mwanangayu ndamupatsira?" Yankho ndi lakuti ayi. Khansa siyenda mumkaka. Koma mankhwala a kemo ndi tamoxifen amalowa mumkaka, motero chithandizo chikayamba mwana ayenera kusiyitsidwa bere. Ichi ndi chinthu chopweteka mtima kwambiri, ndipo kwathu kuno mayi wosayamwitsa amanenedwa. Tiyeni tileke miseche imeneyo. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lifunika mkaka wa m'chitini wopangira makanda, wosungunulidwa ndi madzi owiritsa ndi kumwetsedwa ndi kapu yoyera, chifukwa botolo limavuta kutsuka ndipo limabweretsa kutsegula m'mimba. Mkakawu ndi wokwera mtengo, ndipo banja limodzi palokha silingathe. Mwana wopitirira miyezi isanu ndi umodzi angathe kumwa mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi wowiritsa, pamodzi ndi phala lothira nsinjiro, dzira, usipa wopera ndi masamba. Apitirize kupita kusikelo mwezi ndi mwezi kuti kulemera kwake kuoneke.

Mayi wopezeka ndi khansa ali woyembekezera asaganize kuti zonse zatha. Opaleshoni imatheka ali ndi pathupi. Kemo saipereka m'miyezi itatu yoyamba, koma pambuyo pake mitundu ina imaperekedwa mwana ali m'mimba. Radiotherapy ndi tamoxifen zimadikira mpaka atachira. Kubisa pathupi kwa dokotala wa khansa, kapena kubisa chotupa kwa azamba, ndiko koopsa.

Ana tiwauze chiyani?

Mwambo wathu ndi wobisira ana za matenda. Koma ana ali ndi maso. Akaona amayi awo akusanza, tsitsi latha, akuluakulu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, amadzipangira mayankho awo, ndipo kawirikawiri amakhala oopsa kuposa zoona. Mwana wa zaka zisanu angaganize kuti amayi akudwala chifukwa iye adakana kutumidwa. Kenaka amadzamva kwa anzake kusukulu, m'mawu oipa.

Ndi bwino amve kwa makolo ake. Kwa wamng'ono mawu ochepa akwanira: "Amayi ali ndi chotupa m'bere, madokotala akuchichiza. Mankhwala ake ndi amphamvu, athothola tsitsi, koma lidzameranso. Sudachititse ndiwe, ndipo sungatengere." Muuzeni amene adzam'phikira ndi kum'sambitsa pamene amayi ali kuchipatala, poti kwa mwana nkhawa yaikulu ndi imeneyo. Akafunsa ngati amayi amwalira, musalonjeze zimene simungathe kusunga, koma nenani zoona zimene zilipo: kuti madokotala akuchita zonse, ndipo zikasintha mudzamuuza. Dziwitsaninso aphunzitsi ake.

Tichenjere ndi chinthu china. Mayi akadwala, katundu amagwera mwana wamkazi woyamba. Amatunga madzi, amaphika, amabereka mng'ono wake, amakagona kuchipatala ngati gadiyani, ndipo mayeso a Sitandade 8 amamudutsa. Chaka chikatha sabwereranso kusukulu, mwina n'kukwatiwa. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Azakhali, amalume ndi anansi agawane masiku kuti mtsikanayo asajombe.

Mawu kwa abambo ndi ankhoswe

Amayi ambiri amakana opaleshoni osati poopa mpeni, koma poopa kuti banja litha. Amadziwa mnzawo amene adabwera kuchipatala wopanda bere n'kupeza mwamuna wasamukira kwina. Mantha amenewa amapha. Bambo amene auza mkazi wake poyambirira kuti, "Amake mwana, chotsani berelo, ine ndikufuna inu muli moyo," wachita gawo la chithandizo limene dokotala sangachite.

Ku malamulo, udindo wa mwamuna sutha chifukwa mkazi wadwala. Lamulo la za ukwati la chaka cha 2015 limati okwatirana ayenera kusamalirana, ndipo lamulo la chisamaliro cha ana la chaka cha 2010 limakakamiza kholo lililonse kusamala ana ake, kaya banja lilipo kaya latha. Kuthamangitsa mkazi wodwala, kum'mana chakudya kapena kum'nyoza za thupi lake ndi nkhanza za m'banja, zimene lamulo la chaka cha 2006 limaletsa. Ankhoswe akalephera, nkhani ingapite kwa amfumu, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena kukhoti la majisitireti.

Za m'nyumba tinene poyera. Kukhala malo amodzi sikukulitsa khansa ndipo sikuipatsira kwa bambo. Koma mankhwala amachepetsa chilakolako, amaumitsa njira, ndipo mayi amachita manyazi ndi chipsera. Pafunika kuleza mtima. Msambo umatha kuima pa nthawi ya kemo, koma mayi angathe kutenga pathupi ngakhale asakusamba, ndipo pathupi pa nthawi ya kemo kapena tamoxifen m'poopsa kwa mwana. Njira zolerera za jakisoni, mapiritsi ndi zoika pamkono siziyenera mayi amene wadwala khansa ya m'mawere. Lupu ya kopa kapena makondomu ndizo zabwino.

Ntchito, ndalama ndi wilo

Ngakhale mankhwala akhale aulere, ulendo si waulere. Mayi wa ku Chitipa, Nsanje kapena Mangochi amene ayenera kufika kuchipatala chachikulu kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, iye ndi gadiyani wake, amagulitsa mbuzi, kenaka chimanga, kenaka njinga. Ulendo wachinayi ndalama zatha. Banja likhale pansi poyambirira, lifunse dokotala kuti maulendo adzakhala angati, liwerengere, ligawane. Magulu a banki m'khonde, a amayi a kumpingo ndi kumzikiti, ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi amasonkha mosavuta pa maliro. Funso loti tikambirane m'magulu athu ndi ili: bwanji ndalama imene timapeza msanga yogulira bokosi imasowa pamene munthuyo akufuna ya basi?

Kwa wolembedwa ntchito, lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha milungu inayi ya malipiro athunthu ndi milungu isanu ndi itatu ya theka la malipiro pa chaka, ataonetsa kalata ya dokotala. Antchito a m'nyumba ndi a m'maesiteti ambiri sadziwa zimenezi. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake.

Kulemba wilo si kudziitanira imfa, ndipo mayi wathanzi nayenso ayenera kulemba. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limalola aliyense wa zaka 18 kapena kuposa kulemba wilo, kuisaina pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mayi anenemo za munda, nyumba, masheya a kubanki m'khonde, ndiponso amene akufuna kuti adzalere ana. Mboni zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu.

Chithandizo chikatha

Tsiku lomaliza kemo anthu amaombera m'manja n'kubalalika, koma kwa mayiyo ulendo wina wayamba kumene. Kutopa kumatha miyezi yambiri. Mutu ukangopweteka mtima umagunda kuti mwina yabweranso. Mantha amenewa ndi achibadwa. Amachepa munthu akamacheza ndi amayi ena amene adadutsa njira yomweyo, ndipo ngati tulo tasowa ndi misozi siuma kwa milungu yambiri, auze dokotala, chifukwa kuvutika maganizo nakonso kuli ndi chithandizo.

Masiku obwerera kuchipatala asaphonyedwe, ngakhale thupi likumva bwino. Tamoxifen asalekezedwe pa chaka chachiwiri poti munthu wanenepa ndipo akuoneka wochira, ntchito yake ndi yoletsa khansa kubwerera. Amabweretsa kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Koma kutaya magazi mosayembekezeka, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kapena kubanika mwadzidzidzi, ndi zofunika dokotala msanga. Chimodzimodzi chotupa chatsopano pachipsera kapena m'bere linalo, kupweteka kwa fupa kosatha, chifuwa chosamva mankhwala, ndi kuonda kopanda chifukwa.

Mkono wa mbali yochitidwa opaleshoni umafuna chisamaliro moyo wonse. Anabere akachotsedwa, madzi a m'thupi sayenda bwino ndipo mkono umatha kutupa, ngakhale patapita zaka. Kale ankati mkonowo usagwire ntchito konse, koma lero tikudziwa kuti kuugwiritsa ntchito pang'onopang'ono ndi kuchita mafizo ophunzitsidwa kuchipatala kumathandiza. Choopsa ndi kuyamba mwadzidzidzi ndi ndowa yodzaza, musi kapena khasu tsiku lonse. Bala la mpeni, minga kapena kupsa ndi moto pa mkono umenewo litsukidwe ndi sopo nthawi yomweyo, ndipo ukafiira n'kutentha apite kuchipatala. Za maonekedwe, amayi ambiri amasoka kapilo kofewa ka nsalu ndi thonje kolowetsa m'kamisolo, ndipo telala aliyense wa pamsika angathe kusoka ataonetsedwa kamodzi.

Kodi angaberekenso? Ambiri amabereka. Mayi akachepa msinkhu, mpata woti msambo ubwerere umakula. Kafukufuku wasonyeza kuti kutenga pathupi pambuyo pa chithandizo sikuwonjezera mpata woti khansa ibwerere, ndipo wina wofalitsidwa m'chaka cha 2023 adaonetsa kuti amayi ena angathe kupumira mapiritsi kwa kanthawi kuti abereke, kenaka n'kuyambiranso. Koma nthawi yake aikonze ndi dokotala, osati ndi apongozi ofuna mdzukulu. Bere limodzi lotsala limatha kukhutitsa mwana. Achemwali ndi ana aakazi a mayi amene adadwala asanakwane zaka 40 adziwitse anamwino za mbiri imeneyi ndi kuyamba kupimidwa msanga, poti pa odwala 100, asanu mpaka khumi amakhala kuti ndi za kumtundu.

Pamene khansa singachizike

Ena amafika khansa itapita kale kumafupa kapena kuchiwindi, ndipo kwa ena imabwereranso. Apa dokotala akanena kuti singathe, sakutanthauza kuti palibe chochita. Mankhwala amatha kuichedwetsa, nthawi zina kwa zaka. Ululu umaletseka ndi morphine wakumwa, amene amapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni, ndipo kumwa morphine sikufulumiza imfa. Chilonda chonunkha chili ndi mankhwala ake otsukira, kotero palibe chifukwa chotsekera mayi m'kachipinda kakuseri. Chisamaliro chotere chimaperekedwa m'malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, ndipo anamwino a kuboma lanu angakuuzeni kumene kuli kufupi. Mayiyo apatsidwe mpata wocheza ndi ana ake, kuwalangiza, kujambulitsa nawo, ndi kunena yekha amene adzawalera.

Zoti tifunse atsogoleri athu

Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, limapatsa boma udindo wopereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo. Makina a ku Lilongwe ndi chiyambi chabwino, koma mayi uja wa kambulu sayambira ku Lilongwe. Amayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo. Pa msonkhano wa komiti ya pachipatala, kapena akhansala ndi aphungu akabwera kudera, tingafunse zinthu zooneka ndi maso: kodi pano pali namwino wophunzitsidwa kupima mawere? Kodi kuchipatala cha boma lathu amatenga kachidutswa kokayeza, ndipo zotsatira zimabwera patatha masiku angati? Kodi tamoxifen ndi morphine zidatha kangati chaka chino? Kodi ambulansi yopita kuchipatala chachikulu imanyamuka tsiku liti, ndipo odwala khansa amaloledwa kukwera? Mlembi wa komiti alembe mayankhowo m'buku pamodzi ndi tsiku lake, kuti pa msonkhano wotsatira adzawerengedwenso pamaso pa amene adayankha.